Waya Wachikasu wa m'Boti la a Amock

Atate anga, a Thandazani Chulu, anabadwira ku Kabwata, mu Lusaka, n'kukulira komweko, ndipo madzi aakulu amene ankawadziwa ndi aja amasefukira m'misewu mvula ya mu Januwale ikagwa. Boti anakwerapo limodzi lokha moyo wawo wonse, nalonso lili pamtunda, pa ngolo yake, kuseri kwa nyumba ina ku Woodlands. Ndayamba ndi zimenezi kuti wofuna kuwaweruza awaweruze akudziwa. Ine Becky, mwana wawo, ndinawaweruza kale, kenako ndinakumbukira kuti tsikulo ndinali pomwepo, ndiye mlandu tinagawana.

Ntchito yawo ndi ya magetsi a galimoto. Agogo anachoka ku Katete kudzagwira ya umesenjala m'tauni, ndipo ankalakalaka mwana wawo atakhala kalaliki wovala tayi. Mwanayo ankangokhalira kuphwasula mawailesi a eni ake. Anaphunzira ntchito pa galaja ina ku Kamwala, anagwirapo ku kampani ya mabasi mpaka kampaniyo itagwa, kenako anatenga bokosi lawo lachitsulo n'kukakhazikika pansi pa mtengo pafupi ndi msika wa Kabwata. Pamenepo akhalapo zaka makumi atatu. Madalaivala a minibasi amati sipika yoikidwa ndi ba Chulu imafa galimoto itafa kale.

Galimoto zakale za ku Japan zitadzaza mu Lusaka, atate anapeza ntchito ina imene sanaiphunzire kulikonse. Galimoto zimenezi n'zolongolola. Ukapanda kumanga lamba ikulira, chitseko chikapanda kutsekeka bwino ikulira, ukabwerera m'mbuyo ikulira, ndipo ukangoliza injini mayi wina amayamba kukulangiza m'Chijapani. Anthu ankabwera atatopa nazo, n'kuwapempha kuti achotseko chongo, ndiye kuti phokoso. Atate ankagona chagada pansi pa chiwongolero, kutsata kulirako ndi khutu, kupeza waya wake n'kudula. Akadula ankakulunga tepi bwinobwino, n'kupinda nsonga ya tepiyo kuti pakhale kamchira kogwira, kuti wina akadzafuna kumasula asadzavutike. Kamchira kameneko ndiye kanali siginecha yawo. Patapita zaka anasiya n'kudikira komwe kuti apemphedwe. Munthu akabwera kudzaikitsa wailesi, ankamuchotseranso chongo ngati mbasela, monga mmene mayi wa tomato amakuponyera imodzi yapamwamba osakufunsa. Ankanyadira zimenezi. Ankati galimoto yaulemu imalankhula ikafunsidwa.

Mnzawo wa pamtima anali mmodzi, a Amock Nkhuwa. Anakumana m'kwaya ya ku parishi ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. A Amock anapitirira ndi sukulu, n'kukhala woyeza malo m'boma, n'kumanga nyumba ku Woodlands. Atate anatsala pansi pa mtengo. Anthu ankayembekeza kuti ubwenziwo uzilala, paja wa tayi ndi wa ovolosi sakhalitsa pa benchi imodzi, koma awiriwa anawachititsa manyazi olosera. A Amock anatsogolera kwaya zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo zaka zonsezo atate ankaimba besi kumbuyo, besi yamphamvu koma yokonda kusochera, imene wina aliyense akanaithamangitsa kalekale. Amayi atamwalira ine ndili giredi naini, a Amock ndi akazi awo a Bernadette ananditenga kukakhala kwawo materemu awiri, mpaka atate atayambanso kudya ndi kumeta ndevu. Choncho ndikamanena za anthu amenewa sindikunena za anansi wamba.

A Amock atapuma pa ntchito anachita chinthu chimene chinaseketsa parishi yonse. Anagula boti kwa mlimi wina, mumzinda umene mulibe ngakhale mtsinje woti n'kumizamo ndowa. Pakapita miyezi iwiri kapena itatu ankalikoka ndi galimoto kupita nalo ku Siavonga, kukawedza pa nyanja ya Kariba. Ankabwerako ndi nsomba zitatu ndi nkhani makumi atatu. Atate anaitanidwa kambirimbiri kuti apite nawo, koma ankakana, amati munthu wanzeru sakhala pa chinthu chopanda mabuleki.

Kutsogolo kwa botilo, pafupi ndi chiwongolero, panali sikirini yoonetsa mapu a nyanja, kuya kwa madzi ndi pamene pali nsomba. Mwana wa a Amock, Elvis, amene amagwira ntchito ku Joni, anatumiza kawailesi kolumikiza ku sikiriniyo ndi masipika awiri osaopa madzi. A Amock ankafuna kuti akakhala pakati pa nyanja azimva nyimbo zonse zimene kwaya yawo inajambulitsa. Ntchito yolumikizayo sakanaipereka kwa wina.

Linali Loweruka la mu Okutobala 2024, dzuwa likuswa mtengo. Ine ndimaphunzitsa ku Chelstone ndipo ndili ndi kagalimoto kanga, kamenenso atate anakatseka pakamwa tsiku lomwe ndinakagula, ndiye ndinawatenga ndi bokosi lawo. Magetsi kunalibe, monga mmene zinalili chaka chimenecho, ndipo tonse tinkadziwa chifukwa chake: madzi a Kariba, amene amapanga magetsiwo, anali atatsika kwambiri. Tinakambirananso zimenezo titaima pambali pa botilo, aliyense kudandaula za furiji yake. Palibe amene anaganiza kuti kutsika kwa madziko kukutikhudza mwanjira inanso.

Ntchitoyo atate anaigwira mokoma, zimenezo sindingawalande. Anaboola malo a masipika mbali zonse ziwiri, anadutsitsa mawaya mobisika, analumikiza kawailesi ku sikirini, chilichonse anachimanga kuti chisagwedere ndi mafunde amene iwo sanawaonepo. Elvis anali atatumizanso kabuku ka malangizo a sikiriniyo. Atate anakayang'ana ngati mmene munthu amayang'anira mlendo wobwera nthawi ya chakudya, n'kundipatsa ine kuti ndigwire. Ndinakhala pamthunzi wa mtengo wa mapeyala n'kumadzikupiza nako.

Atalumikiza batire n'kuyatsa sikirini, kahutala kena kakuda kamene kanali kobisika pansi pa chiwongolero kanayamba kukuwa. Kanali kakang'ono ngati chibakera cha mwana, koma mawu ake ankalowa mpaka m'mano. Galu anauwa, a Bernadette anatseka windo la kukhitchini. A Amock anangogwedeza dzanja.

"Kamachita so chabe kakankhala kuno ku nyumba. Kasiyeni, ba Thanda."

Anatero n'kulowa m'nyumba kukafuna fulashi ya nyimbo. Sanafotokoze zambiri, ndipo atate sanafunse. Kwa iwo mawu amenewo anali odziwika. Anawamva kwa madalaivala mazanamazana amene anazolowera phokoso chifukwa chosowa wowachotsera. Ndinawaona akumwetulira, akugona chagada m'botimo monga amagonera m'minibasi, dzanja likufufuza. Anapeza waya wachikasu wochokera ku sikirini kupita ku kahutala kaja, n'kudula. Kunja kunati zii. Anakulunga tepi yawo n'kupinda kamchira.

"Mwachita bwino, batate," ndinatero ine, mphunzitsi wathunthu, kabuku kali m'manja. "Kenze kutiboola makutu."

A Amock atatuluka, nyimbo inayamba, ndipo palibe anakumbukiranso za kahutala. Mawu a kwaya anadzaza bwalo lonse, oyera ngati tili m'tchalitchi. A Amock anaima pa kapinga wouma akutsogolera ndi dzanja anthu osaoneka, atate ali m'boti akuthira besi yawo yosochera, a Bernadette akubwera ndi chakumwa cha munkoyo chofunda chifukwa furiji inali itagona. Sindikumbukira tsiku lina limene ndinawaona amuna awiriwa ali osangalala chotero, ndipo zimandipweteka kuti ndi tsiku lomwelo.

Patapita milungu itatu a Amock anapita ku Siavonga okha. M'mawa wina akuthamangitsa boti pamalo pamene anadutsapo kambirimbiri, anakagunda mwala umene zaka zonse unkakhala pansi patali, koma chaka chimenecho unali pafupi ndi pamwamba. Anaponyedwa n'kumenyetseka pa chiwongolero, fupa la m'chiuno n'kuthyoka. Anawatola ndi asodzi a kapenta amene ankabwerera kumtunda. Asodziwo anati anapeza injini itazima, munthu ali kwala, nyimbo za tchalitchi zikuimbabe.

Titapita kukawaona kuchipatala, anatiuza okha mmene anaionera nkhaniyo. Anati m'botimo muli alamu imene imalira madzi akayamba kuchepa pansi, ndipo imalira msanga, munthu n'kukhala ndi nthawi yochepetsa liwiro. Anati alamuyo ingadzutse ndi wakufa yemwe, koma iwo sanaimve. Makutu awo anali atayamba kale kuvuta pang'ono, ngakhale ankakana akauzidwa.

"Makutu yanga yasila, ba Thanda," anatero. "Nenze kukana, manje naona neka."

Tikutuluka atate anayenda ngati munthu wosenza thumba la simenti. Titalowa m'galimoto anandiuza kuti ndifufuze pa foni ntchito ya waya wachikasu pa sikirini ya mtundu umenewo. Sizinatenge ndi mphindi ziwiri zomwe. Kahutala kaja ndiye kanali alamuyo. Mwini wake woyamba anakaika chifukwa kulira kwa sikirini payokha n'kochepa, sikumveka injini ikamabangula. Ndipo ku Woodlands kankakuwa chifukwa pansi pa boti panalibe madzi. Kankanena zoona, ife n'kukatseka pakamwa. Zonsezi zinali m'kabuku kamene ndinkadzikupiza nako.

Ndinayendetsa galimoto mpaka ku Kabwata. Potsika atate anati, "Usakambe kuli aliyense. Nizakamba neka."

Ndinavomera, ndipo ndinamva kupepukidwa, zimene ndikuchita nazo manyazi mpaka lero. Chinatsala chinali chimodzi basi, choti atate atsegule pakamwa n'kumuuza mnzawo kuti si makutu ake, ndi dzanja lawo.

A Amock anatuluka m'chipatala akuyendera ndodo ziwiri, ndipo sanayendenso bwino. Chinthu choyamba chimene anachita ndi kutula pansi utsogoleri wa kwaya. Anaima kutsogolo kwa anthu awo, akutsamira ndodo, n'kunena kuti munthu wosamva alamu sangamve soprano ikasochera. Amayi ena analira. Atate anali kumbuyo, pamzere wa besi, maso ali pa nsapato. Ndinawayang'ana mpaka khosi kundiwawa, koma sanadzutse mutu.

Kuyambira pamenepo Lamulungu lililonse Misa ikatha ankapita ku Woodlands. Ankanyamula bokosi lawo ngati akupita ku ntchito. Anakonza geti, anakonza simbi, anaika magetsi a dzuwa, anakonzanso wailesi imene inali isanawonongeke n'komwe. M'nyumba imeneyo munalibe waya umene sanaugwire. A Amock ankakhala pakhonde n'kuwaitana kuti asiye zimenezo adzakhale pansi, ndipo nthawi zonse ankawalozera mpando wa kudzanja lawo lamanja. Ankacheza za mpira, za mvula, za anzawo amene anatsogola. Dzuwa likapendeka atate ankanyamuka, nkhani ija ili m'thumba momwe inabwerera.

Pa Khirisimasi Elvis anabwera kudzakonza boti kuti ligulitsidwe. Anakhala masiku awiri ali m'kati mwake. Atakumana ndi atate pageti anawapatsa moni wa nsonga za zala, iye amene kale ankawathamangira. Ine ndinati ndi matama a ku Joni. Anawagulira atate ake kachipangizo kovala m'khutu kothandiza kumva, koma a Bernadette ankadandaula kuti ndi ndalama zotaya, chifukwa mwini wake ankati kamamuimbira mluzu m'mutu ndipo kankangokhala m'dirowa.

Kuntchito atate anasiya mbasela ija. Dalaivala akapempha kuti amuchotsere chongo ankamuuza kuti amange lamba, chisiya chokha. Ena anakwiya n'kupita kwa anyamata a ku msika wa Soweto. Anthu anayamba kunena kuti ba Chulu akalamba, ayamba nkhanza. Ine ndinkawakalipira kunyumba, mwina mopitirira muyeso wa mwana kwa kholo. Ndinawauza kuti mlandu suwola, kuti munthu uja wasiya kwaya yake chifukwa cha bodza limene ife tikulisunga ngati mbewu. Ankangoti Sande ikubwerayi. Ndinawakumbutsa kuti zengerezu adalinda kwawukwawu, iwo n'kundifunsa kuti nanga ine pakamwa panga anasoka ndani. Ndinkaopa nkhope ya a Bernadette, mayi amene anandiluka tsitsi amayi anga atangoikidwa m'manda.

Anayesa kamodzi, ndipo ndinalipo. Munali mu Juni, kukuzizira, a Amock atavala chipewa chaubweya chofika m'makutu. Ndinkatuluka ndi tiyi, ndipo nditafika pachitseko ndinamva atate akulankhula ndi mawu amene sindinawamvepo, aang'ono, akuyang'ana pansi.

"Ba Amock, kaja kahutala ka mu boti. Ndine ninadula waya."

Ndinaima ndi thireyi m'manja. A Amock anayang'ana mtengo wa mapeyala nthawi yaitali, pamalo pamene boti linkakhala. Kenako anatembenuka.

"Mwati bwanji, ba Thanda? Kwezani mawu."

Atate anakweza mawu ndithu, n'kunena kuti akuti mphepo yanyanya chaka chino. A Amock anavomera kuti yanyanyadi. Ndinaika tiyi patebulo mwamphamvu mpaka anatayikira m'sosala, ndipo palibe anandidzudzula. Pobwerera atate anati ayesa, Mulungu waona, munthuyo ndiye samva. Ndinawauza kuti Mulungu si amene anathyoka chiuno. Sitinalankhulane mlungu wathunthu.

A Amock anamwalira mu Seputembala, ndi chibayo, atadwala masiku asanu okha. Kwaya inaimba pamaliro, atate ali pamzere wawo, koma besi sinamveke. Patapita milungu iwiri a Bernadette anatiitana tonse awiri. Tinakhala pakhonde lomwe lija. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kapepala ka pulasitiki, n'kukaika pamiyendo ya atate. M'katimo munali kahutala kakuda, ndi kachidutswa ka waya wachikasu, tepi ili momwemo, kamchira kake kali chilili.

Anafotokoza mosakweza mawu. Elvis anakapeza pa Khirisimasi paja, ndipo atangoonetsa atate ake, iwo anazindikira kamchirako asanauzidwe. Elvis ankafuna kubwera ku Kabwata tsiku lomwelo, koma a Amock anamuletsa, n'kulamula kuti nkhaniyo isatuluke pageti. Anati Thandazani si munthu womugwira ngati mbala, abwera yekha. Anthu a ku parishi anawasiya akhulupirire za makutu, ndipo ku kwaya sanabwerere, chifukwa kubwerera kukanafuna kufotokoza. Kachipangizo ka m'khutu kaja ankakatulutsa m'dirowa tsiku limodzi pa mlungu, Lamulungu masana, n'kukavala kukhutu lamanja.

Atate anafunsa ngati ndiye kuti tsiku lija a Amock anamva.

"Benze banamvela," anatero a Bernadette. "Benze kufuna chabe mukambe futi mubayangane pa menso, kuti bakuyankheni bwino. Mutayenda banakamba kuti, nalakwisa, sembe nangomuuza kuti namvela. Banati bazakonza Sande ikubwela."

Ndiye kuti analipo awiri odikira Sande ikubwerayo, atakhala moyandikana pakhonde limodzi miyezi isanu ndi inayi. Ndinakwiya nawo onse awiri, wamoyo ndi wakufa yemwe, ndipo ndinadzikwiyira ndekha koposa, chifukwa tsiku lija ndikanangoika thireyi pansi n'kubwereza mawuwo mokweza, monga ndimachitira m'kalasi tsiku lililonse.

Atate anafunsa chimene mnzawo ankafuna kuwayankha. A Bernadette anati a Amock sanawauze zonse, koma chimodzi ankachibwereza. Ankati akadzabwera ndidzamuuza kuti masipika aja anawaika bwino, kuti m'mawa umene uja, ndisanagunde mwala, ndinamva kwaya yanga pamadzi mmene sindinaimverepo m'tchalitchi, ndi besi ya Thandazani yomwe ikusochera pamalo ake a nthawi zonse.

Atate anagwira kamchira ka tepi ndi zala ziwiri, koma sanakoke. Analira ngati mwana, pamaso pa mkazi wa mnzawo, ndipo a Bernadette anawasiya alire.

Akugwirabe ntchito pansi pa mtengo uja, ngakhale makasitomala achepa. Kahutala kali m'bokosi lawo lachitsulo, m'chipinda cha pamwamba mmene amasungamo mafyuzi. Titachoka kwa a Bernadette kuja, Loweruka lotsatira anabwera ku Chelstone m'mamawa osandiuza, n'kupempha makiyi a galimoto yanga. Anagona chagada pansi pa chiwongolero, anapeza kamchira kawo ka zaka zinayi zapitazo, n'kulumikizanso waya. Tsopano galimotoyo imalira ndikapanda kumanga lamba.

Lamulungu ndimawatenga popita ku Misa. Amalowa, amatseka chitseko, ndipo ndikaliza injini kulira kuja kumayamba chifukwa cha mpando wawo. Samanga lamba msanga. Amakhala kaye manja ali pamaondo, akumvetsera, mpaka tifike pageti. Poyamba ndinkawauza kuti amange. Masiku ano ndimangoyendetsa.